Maluwa oyera m'dzuwa la Okutobala

Mwana wanga atanena kuti pa ukwati wake akufuna maluwa oyera okhaokha, tinali pakhonde kwathu ku Chilenje tikusankha nyemba. Amayi anga anaika lichero pansi. Sanakweze mawu. Anapukuta manja pachitenje, namuyang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali, kenako anati: "Oyerawo tinakaika kale pa mayi ako. Ufuna tikuikirenso iwe uli moyo?"

Pakhonde panangoti zii.

Ndikati mwana wanga, wobereka anali akulu anga. Kwathu ku Katete mwana wa mkulu wako ndi wako, palibenso dzina lina lomutchulira. Akulu angawo anatisiya mtsikanayu ali giredi 9. Kuyambira tsiku lomwe tinabwerako ku manda a Leopards Hill wakhala m'nyumba mwanga, amanditcha amama, ndipo ndine ndinakhala pamphasa tsiku lomwe a kuchimuna anabwera ndi mbale zawo zovindikira kudzafunsira mbeta.

Aliyense amene anaikapo m'bale wake mu Lusaka muno akudziwa chomwe amayi ankanena. Adzukulu akamaliza kuunda mtumbira, woyendetsa mwambo amayamba kuitana: ana, makolo, a kuchikazi, a kuchimuna, a kuntchito, a mpingo. Gulu lililonse limapita, kugwada, n'kubaya duwa m'dothi lija kapena kugoneka nkhata. Amayi anga akukula kumudzi, maluwa sankagulidwa. Ankangomera kutchire ndi m'mbali mwa madimba. Duwa logula ndi ndalama, lokulungidwa m'pulasitiki, iwo analionera koyamba pa maliro a m'tauni. Choncho kwa iwo rozi loyera ndi chinthu cha kumanda, monga khasu la adzukulu. Ine sindinawaone ngati akulakwa.

Mwanayo tsiku limenelo sanayankhe. Analeredwa bwino, sangabweze mawu kwa ambuya ake. Koma usiku, ndikumumasula tsitsi, anandiuza ali chozolika:

"Amama, za tsiku lija ine sindikumbukira nyimbo, sindikumbukira abusa. Ndimakumbukira duwa lomwe anandipatsa. Ndinalibaya m'dothi, ndipo pomwe tinkachoka linali litagwetsa kale mutu. Ndikufuna ndigwirenso loyera ndili wokondwa, ndipo lisafote m'manja mwanga."

Chipeso chinandilemera. Kuchokera usiku umenewo ntchito yanga inali imodzi: duwa loyera lichoke m'nyumba muno m'mawa, likalowe m'tchalitchi, lipirire dzuwa la zithunzi, likafike kuholo madzulo mutu uli chiimire.

Ndipo chaka chake chinali 2024. Mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo pa 29 Febuluwale a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika moti pofika Seputembala magetsi tinkawaona maola atatu okha patsiku, nthawi zambiri usiku anthu atagona. Firiji inasanduka kabati. Ukwati unali kumayambiriro kwa Okutobala, mwezi womwe kutentha kumapitirira madigiri 30 ndipo mphepo yake imauma ngati ya m'ng'anjo.

Pa msonkhano wa komiti, mayi yemwe tinamulemba kuti akongoletse holo ananena mosapita m'mbali: "Amayi, mu Okutobala, opanda firiji? Tengani apulasitiki, mugone tulo." Ananena zoona, ndipo ine sindinyoza maluwa apulasitiki. Atchalitchi chathu atikongoletsera guwa zaka zambiri, amayi achigwirizano amangowatsuka ndi sopo Isitala ikayandikira. Tinagwirizana kuti holo yonse ikhale ya nsalu ndi apulasitiki, koma amoyo akhale malo anayi: m'manja mwa mkwatibwi, pachifuwa pa mkwati, paguwa, ndi patebulo la akwati. Komiti inati amoyowo ndidzawaone ndekha.

Mwanayo anali ndi zithunzi zodzaza foni, za pa Pinterest. Zokongola, sindikana. Koma titayamba kufufuza dzina la duwa lililonse, tinapeza kuti ambiri ndi a maiko ozizira. Aja aakulu ofutukuka ngati kabichi, otchedwa peony, amafuna miyezi ingapo ya chisanu chenicheni kuti achite maluwa, ndipo kuzizira kwathu kwa Juni ndi Julayi sikuwakwanira. Timabelu ting'onoting'ono ta lily of the valley, tomwe Catherine anagwira pokwatiwa ndi Prince William ku Westminster Abbey mu 2011, timamera m'mithunzi ya nkhalango za ku Ulaya. Hydrangea amapezeka kuno, koma ndi chidakwa cha madzi: ukangomuchotsa m'ndowa masana a Okutobala amagwa lende usanamalize kuimba nyimbo ziwiri. Ndinaganizanso za frangipani, poti mitengo yake ili m'mayadi ambiri, koma duwa lake ukaligwiragwira limachita mabala akuda, ndipo utomoni wake woyera umathimbiriritsa nsalu.

Ndinati tiyese kaye. Kutatsala milungu itatu ndinagula marozi oyera 20 m'tauni, ndinawaika m'ndowa yomwe timachapira, ndinathira madzi a pampopi, n'kuwaimika kukhitchini pakona pomwe ndinkati ndi pozizira. Ndinkawawaza madzi m'mawa ndi madzulo monga timachitira ndi repu kumsika. Tsiku lachiwiri mitu inayamba kuwerama. Lachitatu madzi ananunkha, ndipo maluwa oyera aja anali ndi madontho ofiirira ngati agwidwa ndi manja amafuta. Mwanayo atawaona sananene kanthu. Anangotuluka panja. Usiku umenewo sindinagone.

Mayi wina wa m'chigwirizano chathu ndiye anandiuza kuti, "Pitani pageti la manda. Amene amadziwa duwa lopirira dzuwa ali kumeneko." Mtima wanga unakana. Maluwa a ukwati kukawafunsa pakhomo la manda omwe munagona mayi wa mwanayo? Ndinakhala masiku awiri. Lachitatu ndinakwera basi.

Amene amadutsa msewu wa Leopards Hill amawadziwa amayi aja okhala m'mbali mwa geti, ndowa zili ndandanda, manja ali kuluka nkhata. Yemwe ananditumizako anali wamkulu pang'ono kwa ine, wa ku Petauke. Asanayambe kugulitsa pamenepo anagwira ntchito zaka zambiri pafamu ya marozi, m'shedi yosankhira ndi kulongedza. Ambiri mwa ife sitidziwa kuti mozungulira Lusaka muno, makamaka chakubwalo la ndege la Kenneth Kaunda, muli mafamu olima marozi m'nyumba zapulasitiki, ndipo kuyambira zaka za m'ma 1990 marozi a Zambia akhala akukwera ndege kupita ku Netherlands, kumsika waukulu wa maluwa wa Aalsmeer. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, dzuwa n'lambiri ndipo usiku kumazizirako, zomwe rozi limakonda. Mayiyo anandifotokozera kuti duwa likadulidwa limathamangitsidwa kuchipinda chozizira ngati m'firiji, amalisankha potengera kutalika kwa phesi, ndipo lililonse lokhota kapena lalifupi silikwera ndege. Otsalawo ndiwo timawaona pamageti a manda ndi pamaloboti. Si odwala, phesi lokha ndilo linalephera mayeso.

Nditamuuza za marozi anga 20, sanandiseke. Anayamba kundifunsa ngati a nesi.

"Manje amayi, ndowa munaiika kuti?"

"Kukhitchini."

"Pafupi ndi chiyani?"

Ndinaganiza. Pakona pomwepo ndi pomwe timasunga matimati, ndipo sabata imeneyo panalinso phava la nthochi. Ndipo poti magetsi kunalibe, mbaula inkayaka pakhomo la khitchini m'mawa ndi madzulo.

Anagwedeza mutu. Zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya wosaoneka wotchedwa ethylene. Ndi womwe uja umapangitsa mapeyala kupsa msanga tikawatsekera m'thumba limodzi ndi nthochi. Duwa likaupuma limakalamba msanga. Utsi wa mbaula ndi wa galimoto ulinso ndi mpweya womwewo. Carnation ndi timaluwa tija ting'onoting'ono ta gypsophila ndiwo amafulumira kugonja, pomwe chrysanthemum salabadira kwenikweni. Ine ndinali nditaika maluwa anga pakati pa adani atatu.

Kenako anabwera pa ndowa. Ndowa yochapira, ngakhale ioneke yoyera, imakhala ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Masamba omira m'madzi amaola, tizilomboto timachulukana, n'kutseka timitsempha ta m'phesi tomwe duwa limamwera. Ndiye rozi limafa ludzu lili m'madzi, ndipo khosi lake, pomwe ndi pofewa, ndilo limayamba kugonja. Anandikumbutsanso za ketulo yanga: zoyera zija zimamata pansi pake ndi chifukwa choti Lusaka anakhala pamwala wa laimu, ndipo madzi athu, makamaka a m'zitsime zokumba ndi makina, ndi olemera. Duwa limamwa bwino madzi owawasirako pang'ono.

Zomwe anandiuza ndinazilemba kuseri kwa kapepala ka chopereka, ndipo ndidakali nako. Ndowa itsukidwe ndi Jik. Pa lita imodzi ya madzi, masipuni aakulu 2 a madzi a mandimu, sipuni yaikulu 1 ya shuga, ndi theka la kasipuni kakang'ono ka Jik. Shuga ndi chakudya cha duwa, mandimu amafewetsa madzi, Jik amapha tizilombo. Anatsindika kuti chilichonse chithiridwe pachokha m'madzi odzaza kale, osasakaniza Jik ndi mandimu paokha m'kapu, chifukwa zimatulutsa mpweya woipa. Phesi lidulidwe mopendekeka ndi mpeni wakuthwa, masentimita awiri kapena atatu kuchokera pansi, n'kulowa m'madzi nthawi yomweyo. Tsamba lililonse lomwe lingamire lichotsedwe. Ndipo kuwaza madzi pamitu, komwe ine ndinkayesa chikondi, ndiko kunabweretsa madontho aja: chinyezi chikakhala pakati pa timasamba ta duwa chimaitana chuku, ndipo pa duwa loyera chuku sichibisala. Timasamba takunja tooneka tokhakhala tija anati ndisatichotse, ndi malaya a duwa. Tidzachotsedwe m'mawa wa ukwati.

Ndikunyamuka anandifunsa chinthu chomwe sindinachiganizepo: "Diresi ndi loyera bwanji?"

Ndinati ndi loyera basi.

"Amayi, ufa wa breakfast ndi wa roller, yonse timati nsima. Koma ikani mbale ziwirizo pamodzi. Mubwere ndi kansalu."

Nsalu ya diresi tinaigula ku Kamwala, ndipo atelala anali ndi zidutswa. Ulendo wachiwiri ndinapita ndi mwanayo. Mayi uja anayala kansaluko pabondo lake, panja padzuwa, n'kuikapo rozi loyera mbee. Ndinadabwa. Nsalu yomwe m'sitolo inkaoneka yoyera inangosanduka ngati yachapidwa m'madzi amatope. Anachotsa, naikapo lina loyera mopita ku mkaka, ndipo nsalu inadzuka, ziwirizo zinakhala ngati zinabadwira pamodzi. Mayina ake anali nawo pamutu kuyambira kufamu: Akito ndi woyera mbee wa mutu waung'ono, Avalanche ndi wamkulu ndipo timasamba take takunja timapita kobiriwira, Vendela ndi wamkaka. Kwa amene akukonza ukwati, ichi chokha ndingakupempheni: musasankhe duwa loyera pafoni kapena pansi pa getsi la m'sitolo. Tengani chidutswa cha diresi, mutuluke nacho panja.

Ananenanso kuti choyera pa choyera chimasowa. Diresi loyera, nsalu ya paguwa yoyera, khoma la tchalitchi loyera, dzuwa la masana pamwamba pake: pachithunzi maluwa amangosanduka mtambo. Duwa loyera limafuna masamba obiriwira kumbuyo kwake kuti lioneke mpangidwe. Ine ndinaonjezera changa mumtima: mwana wanga ndi wakuda bwino, khungu la mayi ake, ndipo palibe mtundu womwe umawala m'manja otere kuposa woyera.

Pa ma lily tinakambirana nthawi yaitali. Mwanayo ankawafuna, aja aatali onga lipenga omwe ambiri amati a Yosefe Woyera. Ndi okongola ndipo amapirira. Koma pakati pake pali timitu ta mungu wachikasu chofiirira, ndipo mungu umenewo ukagwera pa diresi suchoka. Ukaupukuta ndi madzi ndiye waulowetsa. Ochenjera amathothola timituto duwa likangotseguka, ndipo ukagwa pansalu amaunyamula ndi selotepi. Zimenezo tikanatha. Chomwe chinandikanitsa ine ndi fungo. M'tchalitchi chodzaza, chamalata, m'mwezi wotentha, fungo la lily limalemera, ndipo ndi fungo lomwe linadzaza nyumba ya akulu anga masiku atatu a maliro. Maso ungawanyengerere, mphuno ayi. Ndinamuuza mwanayo zimenezi poyera, ndipo anavomera.

Chrysanthemum ndiye anandivuta. Ndi duwa la nkhata, aliyense amalidziwa. Koma ndilonso lomwe limatha milungu iwiri m'madzi oyera, losaopa utsi, losafulumira kugwa ndi kutentha. Mayi uja anandisonyeza kuseri kwa mpanda. "Onani omwe anaikidwa dzana. Aimirira ndi ati?" Tinatenga aang'onoang'ono aja ochuluka paphesi limodzi, a paguwa ndi patebulo. M'manja, marozi amkaka, gypsophila pang'ono, ndi masamba a bulugamu.

Zonsezi ndinkachita amayi asanavomere. Anabwera mu Lusaka utangotha mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, ndipo nkhani ya maluwa sanaitchulenso. Anali otanganidwa ndi alangizi, ndi mphasa, ndi nkhuku. Koma ndimawadziwa amayi anga. Kukhala chete kwawo si kuvomera.

Mkamwini wathu ndi Mbemba wa ku Kasama, choncho tinachita chilanga mulilo, mwambo womwe a kuchikazi amaphika zakudya n'kukapereka kwa mkwati. Tinaphika usiku wonse pankhuni, ndipo masana tinasenza miphika yomangidwa m'zitenje kupita nayo kwawo ku Matero, ng'oma zili patsogolo. Mukudziwa chimbuya, chibale chanthabwala chija cha Abemba ndi ife a kum'mawa. Tisanalowe n'komwe pageti, azakhali a mkwati anatuluka ndi paudala ndi mbale ya ufa, n'kuyamba kutipaka. Anafika pa amayi, nawathira m'mutu, kumaso, mpaka m'khosi, akuvina. Amayi anayera mbuu, ndipo anaseka mpaka misozi, kuseka komwe sindinakumve kuyambira pomwe mwana wawo woyamba anamwalira.

Pobwerera, m'basi, ali chiyerere, anayang'ana manja awo nati motsitsa: "Ufa womwewu Abemba anatipaka pa maliro a mkulu wako."

Sanapitirize, inenso sindinaonjezere. Ndinangokumbukira kuti kumudzi ufa woyera ndi womwe akuluakulu ankathira patsinde la mtengo popempha mvula kwa makolo, ndiponso ndi womwe timaphikira mlendo wolemekezeka. M'mawa mwake ndikusesa, anandiitana: "Iwe, maluwa akowo adzagona kuti, poti firiji yako inafa?"

Ndinawauza kuti ndikufunafuna wa jenereta. Anati ndisataye ndalama. Kodi madzi a mumtsuko amazizira ndi magetsi? Anayendera nyumba yonse n'kusankha kachipinda komwe dzuwa lamadzulo silifika, kutali ndi khitchini. Anatulutsa zonse, nakolopa simenti, natuma anyamata kukagula masaka akale a gonje kumsika wa Soweto. Nzeru yake ndi ya mtsuko: madzi akamauma pa saka lonyowa amatenga kutentha n'kupita nako, ndipo mphepo youma ya Okutobala ndiyo imathandiza kuti ziyende msanga. Madzi nawonso anali ovuta, poti mapampu amadalira magetsi. Amayi anadzaza diramu limodzi nalimanga ndi chingwe, n'kulengeza kuti wokhudza madzi amenewo aona.

Ukwati unali Loweruka. Maluwa tinakatenga Lachinayi m'mamawa, marozi adakali ofumbata, kuti atseguke pang'onopang'ono kunyumba. Mayi uja anali atawaitanitsa kufamu dzulo lake. Atatha kuwerenga mitolo, anatenga marozi ena asanu pambali, nawapereka kwa mwanayo ndi manja awiri. "Awa sindigulitsa. Ndi a amayi ako. Lowa ukawauze." Tinalowa. Tinazula udzu wouma, mwanayo anagwada nalankhula zake motsitsa, ine ndinaima patali. Sitinakhalitse, poti dzuwa linkakwera ndipo ndowa zinali m'galimoto.

Kunyumba tinakhala pansi atatu, ine, amayi ndi mwanayo, aliyense ndi mpeni wake. Amayi, omwe anakana maluwawa, ndiwo anali achangu kutiposa, akusadzula masamba ngati akukonza chibwabwa. Ndowa zisanu ndi imodzi zinalowa m'kachipinda kaja, iliyonse yokulungidwa saka lonyowa, lina litapachikidwa pawindo. Mbaula inasamukira kuseri kwa nyumba, nthochi zinapita kwa aneba. Amayi anayala mphasa pakhomo la kachipindako, ndipo usiku ndinkawamva akudzuka kukanyowetsa masaka. Lachisanu tinasintha madzi n'kudulanso mapesi pang'ono. Ukalowamo unkamva kazizi pamasaya, ndipo marozi anali atayamba kumasuka, lililonse khosi lili njo.

Pali mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba yanga, womwe chaka chonse cha chilalacho unkamwa madzi otsukira mbale. Unali udakali ndi maluwa. Ndinali nditamuuzapo mwanayo kuti mwambo wa diresi loyera unafala kuchokera pa ukwati wa Mfumukazi Victoria, yemwe Livingstone anatcha dzina lake mathithi athu a Mosi-oa-Tunya mu 1855. Pokwatiwa ndi Prince Albert pa 10 Febuluwale 1840, iye anavala zoyera, ndipo kumutu sanaike chisoti chaufumu koma nkhata ya maluwa a malalanje. Amayi nkhani imeneyo sanaimve, ndipo sindikhulupirira kuti ikanawakhudza. Koma Loweruka m'bandakucha, ndikumanga maluwa a m'manja ndi riboni, analowa atafumbata tinthambi ta mandimu, timaluwa take toyera mkati, kunja kofiirira pang'ono, mame adakali pomwepo. Minga anali ataithyola kale ndi chikhadabo.

"Ikamo awa," anatero. "Awa sanapiteko kumanda."

Ndinawalowetsa pakati pa marozi. Masamba a mandimu obiriwira bii aja ndiwo anapereka chomwe mayi wa pageti ankanena, ndipo fungo lake linadzaza chipinda, fungo la kuseri kwa nyumba yathu.

Tsiku lonselo ine sindinavine mokwanira, ndinali mlonda wa ndowa. Kandowa kakang'ono kanali pakati pa miyendo yanga m'galimoto, osati kubuti komwe kumatentha ngati uvuni. Pakhomo la tchalitchi ndinapukuta mapesi ndi thaulo kuti asadonthezere diresi, n'kumupatsa. Misewu inali yofiirira ndi maluwa a jakaranda ogwa, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Atatuluka, maluwa anabwerera m'madzi mpaka wojambula atakonzeka. Akajambula zithunzi zingapo, ndinkawatenga n'kukaima nawo pamthunzi. Timaluwa ta mandimu tinayoyoka tisanafike masana, monga ndinkayembekezera, koma fungo linatsalira m'masamba ndi m'manja mwake. Oponyera atsikana kuholo tinali titamanga ena apadera, a chrysanthemum.

Pomwe akwati ankalowa muholo, dzuwa litalowa, ndinaima pafupi ndi khomo kuyang'ana manja ake. Ndinawerenga marozi limodzilimodzi pamene ankadutsa. Palibe lomwe linawerama. Iye anandiona ndikuwerenga, nakweza maluwawo pang'ono kuti ndione bwino, ndipo ndinathawira panja kukalira kuseri kwa magalimoto.

Patapita masiku anayi ndinaperekeza amayi kokwerera basi ku Intercity. M'chikwama chawo cha m'manja munali kamtolo kokulungidwa chitenje chonyowa: mapesi a marozi ndi timphukira ta chrysanthemum tomwe anathyola pa maluwa a paguwa. Ndinawauza kuti ulendo wa makilomita pafupifupi 500 m'kutentha kumeneko sizifika zamoyo. Anati pa Luangwa adzanyowetsanso.

Anaimba foni mvula itagwa. Marozi onse anauma. Koma timphukira titatu tinagwira, kuseri kwa bafa komwe kumayenda madzi, ndipo atchingira ndi minga chifukwa cha mbuzi za aneba. Anafunsa kuti amachita maluwa liti. Ndinawauza kuti chrysanthemum amadikira masiku afupike, chakumapeto kwa mvula, mwina Epulo kapena Meyi. Anati ndiye ndimuuze mwanayo ndi mwamuna wake kuti asabwere pa Khrisimasi, adzabwere nthawi yokolola.